Ndalama Zidabwera ndi Ana Ake

Andireya adapita ku Halale ndi miyendo yake iwiri, koma zomwe zidabwerako ndi bulangete, sutikesi yamalata ndi mapaundi makumi anayi. Mgodi udamugwera m'chaka chachitatu cha Chitaganya, ndipo adamuika komweko anthu osadziwa ngakhale mfunda wake. Mkazi wake Lidia adaitanidwa ku Boma ku Dowa, adadinda chala papepala, nkulandira ndalamazo mu envulopu yofiirira. Kalaliki wa kumeneko, munthu wa tayi wokonda kuphunzitsa anthu zomwe sadamufunse, adamuuza kuti, "Mayi, ndalama zili ngati mbuzi, zimaswa. Mukabwereka munthu, zizibwera ndi ana." Mawu amenewa Lidia adawanyamula pamodzi ndi envulopu ija masiku awiri onse okwera ndi kutsika mapiri, mpaka kwawo kufupi ndi Malomo.

Amene amati namfedwa amakhala yekha sadaonepo namfedwa wa mapaundi makumi anayi. Anthu amene sadabwere kudzapepesa maliro adayamba kufika, wina ndi nkhuku, wina ndi misozi yochedwa miyezi itatu, onse akumaliza ndi mawu amodzi. Lidia adawakanira onse. Ankati ndalamazo ndi magazi a Andireya, ndipo eni ake ndi ana: Susana, yemwe adali kale namwali, ndi ang'ono ake awiri. Adaziika m'chitini cha tiyi nkukwirira pansi pa mphasa yake.

Panali munthu mmodzi amene sakadamukanira, mlongo wake wamkulu Stefano. Kwathu kuno mkazi ndi ana ake amaimiriridwa ndi mlongo wake, mwini mbumba. Ndiye amalandira ofunsira mbeta, ndiye amayankha pamlandu, ndiye amalamula pamaliro. Stefano udindo umenewu adaugwira ndi manja awiri. Mkazi wake Eveline adachita kumutenga chitengwa kuti asatalikire mbumba yake. Uthenga wa mgodi utafika, ndiye adalima munda wa Lidia asadakhudze wake. Vuto lake lidali limodzi: adali munthu wosapempha ngakhale moto. Choncho tsiku limene adakhala pakhonde pa Lidia nkuyamba kukamba za mitambo, za mizere imene alangizi ankakakamiza anthu, za mtengo wa mchere, Lidia adadziwa kuti pali chimene chamutsamwa. Dzuwa litapendeka ndi pamene adachilavula.

"Iwe Lidia, ndaona ng'ombe ziwiri zapagoli ku Madisi, ndi pulawo. Nditamanganso balani yabwino, fodya wanga angalowe giredi yapamwamba. Pakufunika mapaundi makumi awiri. Ndikagulitsa fodya ndikubwezera."

Lidia ankamukonda mlongo wakeyo kuposa munthu aliyense wamoyo. Koma adali ataonanso momwe ngongole yapachibale imathera: chaka choyamba amati dikira, chachiwiri amaseka, chachitatu wofunsayo ndiye amasanduka mfiti. Mawu a kalaliki aja adali adakali m'khutu. Adavomera, koma adati palembedwe pepala.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi chaching'ono chaudzu, adaitana aphunzitsi a Dominiko ndi mboni ziwiri pansi pa mtengo wa mbawa. Anthu, monga mudziwa, akaona pepala amaiwala njira yakwawo, ndiye mboni ziwiri zidasanduka mpingo wonse. Aphunzitsi adawerenga mokweza: mapaundi makumi awiri, ndipo paundi iliyonse izibala masheleni asanu pokolola paliponse, ndiye kuti mapaundi asanu pachaka, kufikira ngongole itatha.

Stefano adaseka poyamba, kuyesa nthabwala. "Pepala, pakati pa ine ndi iwe?"

"Si zanga, achimwene," adatero Lidia akuyang'ana pansi. "Ndi magazi a alamu anu."

Stefano adayang'ana anthu, adayang'ana mlongo wake, nkupereka chala. Inki idamukhalira pachala masiku atatu.

Sabata yomweyo kudabwera a Rajabu. Awa adali Msilamu wa ku Kotakota, bambo wachikulire wa kofiya yoyera, amene ankakwera mapiri panjinga ndi usipa ndi mpunga, nkutsika ndi mtedza ndi nyemba. Kwa zaka zambiri ankapumira pakhonde pa Andireya, kumwa madzi ndi kukukuta mtedza wokazinga, poti nyama yozinga wina sankadya. Njinga yawo idali itatheratu, yomangamanga ndi luzi. Ankafuna mapaundi khumi, ogulira ina ndi kuwonjezera katundu. Lidia, amene tsopano ankadziona ngati katswiri, adawauza za masheleni asanu aja.

A Rajabu adapukusa mutu. "Zimenezo kwathu nzoletsedwa, mayi. Chiwongoladzanja Mulungu adatiletsa, kudya ngakhale kupereka. Koma tichite chonchi: inu ndalama, ine miyendo. Phindu likapezeka, tigawane pakati."

"Nanga likapanda kupezeka?"

"Ndiye kuti inu mwataya ndalama, ine ndataya thukuta. Pokhapokha nditataya mwa uchitsiru wanga kapena mwachinyengo. Apo ndilipira."

"Ndiye kuti ndalama zanga zizigona panja ngati galu?" adaseka Lidia.

"Zizigona pamene ndagona ine," adatero a Rajabu.

Lidia adaona ngati ndi pangano la akuba. Koma theka la phindu si chinthu chaching'ono, ndipo malemu Andireya ankati a Rajabu sadamuberepo ngakhale kansomba kamodzi. Adawapatsa, popanda pepala, poti iwo adati mawu ndi mboni ya Mulungu zikwanira.

Miyezi yoyamba zonse zidayenda ngati zodzozedwa. A Rajabu ankafika milungu itatu iliyonse, nkuyala masheleni pamphasa, awa anu, awa anga. Kutsidya kwa dambo fodya wa Stefano adakula mpaka m'chiuno, masamba otambalala, anthu odutsa akuima kumuyang'ana. Stefano adayambanso kuseka ndi mlongo wake, ngakhale za pepala sankazitchula.

Matalala adabwera masana ena mwezi wa Febuluwale. Sadagwe nthawi yaitali. Mkhwani ukadakhala pamoto sukadapsa. Lidia adali pakhonde, ndipo adaona ndi maso ake mtambo woyera ukutsika phiri nkukaima pamunda pa Stefano penipeni. Ndiyenera kunena zoona, ngakhale zili zochititsa manyazi. Chimene chidayamba kubwera mumtima mwa Lidia si "mayo mlongo wanga" ayi. Chidali chakuti, "Mwayi kuti tidalemba pepala." Sadauze munthu, ndipo iye mwini adafulumira kuchikwirira. Madzulo adapita kukapepesa ngati wina aliyense, nkupeza fodya ali nsanza zokhazokha.

Matalala atapita idatsala mvula, ya masiku anayi osakata. Lidia ankadziwa kuti a Rajabu ali m'njira ndi katundu wamkulu kuposa kale lonse, ndipo mitsinje ya kutsika kunyanja siseka ndi munthu. Tulo sadatione. Adagwada ndi korona masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, kupempha Amayi Maria kuti madzi aphwe, kuti bambo aja awoloke bwino. Ana ake adadabwa, poti chimwalirire bambo awo sadamuonepo akupemphera chotero.

A Rajabu adafika tsiku lachisanu, wapansi, opanda kofiya, mwendo umodzi utatupa. Kamlatho kamitengo kadathyoka iwo ali pakati. Njinga yatsopano, madengu awiri a nsomba ndi thumba la mpunga zidapita ndi madzi. Iwo adawavuula anthu amene ankadikira kutsidya. Adamasula kansalu m'chiuno nkuika pamphasa mapaundi awiri onyowa.

"Zatsala ndi izi, mayi."

Lidia adayang'ana mapaundi awiriwo, ndipo chifundo chonse cha masiku atatu chidauma nthawi yomweyo. "Ndiye asanu ndi atatu enawo mulipira liti?"

"Tidapangana, mayi. Ndikadawoloka mwaliuma ndikadalipira. Koma funsani amene adalipo, patsogolo panga padadutsa anthu atatu ndi mbuzi."

"Uku ndiye kuba kwaulemu," adatero Lidia. "Mwamuna wanga adafera pansi pa nthaka kuti inu mukadyetse nkhanu?"

A Rajabu adapempha kuti mapaundi awiriwo awasiyire, ayesenso, azisenza pamutu. Lidia adawaponyera pamapazi. "Tengani, mukamize zimenezonso."

Tsoka likafuna munthu limadziwa kusankha tsiku. M'mawa mwake, Lidia maso adakali otupa, ndi pamene Stefano adabwera. Adakhala pamalo pake pomwe paja, chipewa m'manja.

"Waona wekha zimene zachitika," adatero. "Makumi awiri ako ndibweza, sindithawa. Koma asanu a chaka chino afe. Fodya amene akadawabala ndi uja ali pansiyo."

Akadabwera sabata ina iliyonse, mwina nkhani ino sikadakhalapo. Koma Lidia adali ataona dzulo lake momwe ndalama zopanda pepala zimathera.

"Dzulo Msilamu wandimizira asanu ndi atatu. Lero inu mukuti ndikuphereni asanu. Mawa kubwera ndani? Ana anga adya chiyani, achimwene? Pepala ndi pepala."

Stefano adamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wasokera m'mudzi mwake momwe. Kenaka adavala chipewa. "Chabwino, mayi. Ndamva zimene mwanena."

Chibadwire Lidia, mlongo wake adali asadamutchulepo "mayi" kapena "inu". Koma Lidia adadziuza kuti mkwiyo wa pachibale ndi moto wamapesi. Chibale ndi fupa, sichiola, amatero akuluakulu. Zoti fupa limathyoka sadanenepo.

Stefano adagulitsa mbuzi zake zonse, nkubweretsa mapaundi asanu pamaso pa aphunzitsi. Sadakhale pansi. Chaka chotsatira adalima opanda chogulira zofunika, fodya adatuluka wopyapyala, kumsika adamuika giredi yotsika. Adagulitsa ng'ombe imodzi nkubweretsanso asanu, ena otsala adagulira chimanga chifukwa kunyumba kwake kudali njala. Ng'ombe imodzi silima, choncho pulawo idatsamira balani nkuyamba dzimbiri. Zaka ziwiri, mapaundi khumi atalipidwa, ngongole idali chiimire pa makumi awiri ngati sadaikhudze. Lidia ankaona zonsezi ndipo mtima unkamupweteka, koma ankadikira kuti mlongo wake apemphenso kachiwiri. Stefano sadali munthu wopempha kachiwiri.

Chilimwe chimenecho Susana adapeza mwamuna, Yoswa wa kufupi ndi Madisi, ndipo ankhoswe akuchimuna adabwera kudzamanga nkhani. Stefano adavala jekete yake imodzi, adakhala pamphasa ya mwini mbumba, nkuyamba kulankhula bwino monga ankachitira kale: kuti mkamwini adzamange nyumba pano, kuti mwana wawo si ng'oma yoti aziimenya. Lidia ali pakati pa amayi adamva mtima kukhala pansi, nkumati zonse zibwerera mwakale. Koma mwa alendowo mudali mkulu wina wa pakamwa poyabwa, wa anthu amene amayesa kuti chipongwe chilichonse ndi nthabwala ya ankhoswe.

"Tamva zonse," adatero mkuluyo, "koma mutithandize. Pakagwa mlandu tizifikira kwa ndani? Poti ife tidamva kuti kuno mwini mbumba ndiye amakhoma msonkho kwa mbumba yake."

Anthu adaseka, amuna ndi akazi omwe. Lidia naye, chifukwa cha manyazi ndi kusowa pogwira, kaphwete kadamupulumuka asadatseke pakamwa ndi nsalu. Atadzutsa mutu adapeza Stefano akumuyang'ana.

Stefano adamaliza mwambo wonse osaphonya kanthu. Adalandira tambala, adapereka thadzi, adaperekeza alendo mpaka kumphambano. Patatha masiku asanu adanyamuka m'mawa ndi kamtolo, ulendo wa selefu, wodziyendera yekha kukafuna ntchito ku Halale, wapansi, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu amene adali asadagonepo kunja kwa Dowa. Kwa mlongo wake sadatsanzike. Adangosiya mawu kwa Eveline akuti adzabwera pepala likadzafa.

Adapeza ntchito pafamu ya fodya. Mwezi uliwonse kunkabwera paundi imodzi ya papositi, yopanda kalata, yopanda moni. Aphunzitsi ankalemba kuseri kwa pepala lija, ndipo ndi iwo adauza Lidia tsiku lina, osamuyang'ana kumaso, kuti miyezi isanu yoyamba yonse idangodyetsa ana a ndalama. Susana adakana kukamanga ukwati m'tchalitchi popanda atsibweni ake. Adati adikira, Yoswa akafuna adikire naye. Eveline ankapereka moni wa pamsewu basi. Chitini chinkalemera, ndipo Lidia adayamba kuchiopa.

A Rajabu okha ndiwo sadasiye kubwera. Adabwera mwezi umodzi chiwathamangitsire, dengu pamutu, atayenda masiku anayi, nkuyala pamphasa masheleni asanu ndi limodzi, atatu anu, atatu anga, ngati sipadachitike kanthu. Lidia adachita manyazi, adawapatsa madzi. Kuyambira apo ankabwera chomwecho, pang'onopang'ono, mpaka adagulanso kanjinga kakale. Koma Lidia mumtima adali asadawakhululukire, ndipo tsiku lina, patatha chaka Stefano atachoka, adawafunsa maso ndi maso.

"A Rajabu, tandiuzeni. Inu mudandimizira asanu ndi atatu, simudalipire kobiri. Mlongo wanga matalala adamuwonongera zonse, koma akulipira mpaka lero. Chilungamo cha chipembedzo chanucho chili pati?"

A Rajabu adasenda mtedza pang'onopang'ono. "Ine sindine shehe, mayi, ndine wogulitsa usipa. Ndipo musayese kuti sizindipweteka. Zidali ndalama za ana amasiye, ndimazilota mpaka lero. Mwina njira yathu kwa inu idawawa kuposa kwa ine. Chimene ndimadziwa nchakuti mwini ndalama ndi mwini thukuta ayenera kuopa mtambo umodzi. Susana adandiuza kuti masiku amene mitsinje idadzaza mudandipempherera ndi mikanda yanu ija."

"Masiku atatu," adatero Lidia.

"Mwaona? Mkhristu kugwadira Msilamu wa ku Kotakota. Chifukwa tidali m'madzi amodzi." Adaseka pang'ono, ndipo mosaganiza choipa chilichonse adawonjeza kuti, "Ngati mlendo mudamugwadira atatu, mlongo wanu tsiku la matalala mudamugwadira angati? Sabata yonse, ndikhulupirira."

Chinthu chija Lidia adachikwirira zaka ziwiri ndi theka chidadzuka chonse, ndi mtambo woyera uja, ndi mawu ake enieni. Adanyamuka, adapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo adalira kulira kumene sadalire ngakhale tsiku la envulopu yofiirira. A Rajabu adadikira, adaona kuti sakubwera, adasiya masheleni pamphasa nkumapita.

Tsiku lomwelo Lidia adapita kwa aphunzitsi. Adatenga pepala lija, adaling'amba pakati pamaso pawo, nkuwauza kuti zidutswazo aziike m'kalata. "Lembani kuti: Achimwene, ndidalakwa. Ngongole yafa. Musatumizenso kanthu. Zonse mudapereka zilipo, mudzazipeza. Bwerani, Susana akudikira, inenso ndikudikira. Ndine mlongo wanu wopusa Lidia."

Idali nthawi ya chipwirikiti, anthu akumangidwa chifukwa chokana Chitaganya, makalata akuyenda ngati kamba. Yankho lidafika patapita miyezi itatu, lolembedwa ndi dzanja la munthu wina.

"Mayi, kalata ndalandira pamodzi ndi zidutswa. Pepala mwang'amba, koma anthu adamva pansi pa mbawa, ndipo makutu sang'ambika. Ndikabwera chifukwa chokhululukidwa adzaseka kawiri, ndipo sindidzathanso kuyankhulira ana anu pabwalo. Ndawerengetsa, kwatsala mapaundi asanu ndi anayi. Ndikamaliza ndibwera. Susana adikire pang'ono." Pansi penipeni, ngati mawu amene adawonjeza wolembayo atatsala pang'ono kupinda, padali pakuti, "Usalire, iwe Lidia. Ndine mlongo wako."

Mzere womalizawo Lidia adauwerengetsa katatu, mpaka aphunzitsi adamuonetsa pamene uli kuti aziugwira ndi chala. Kuyambira apo ndalama zidayamba kubwera ziwiriziwiri. Lidia sankaziwerenganso ngati ndalama, ankawerenga masiku. Zotsala zinkachepa: zisanu ndi ziwiri, zisanu, zitatu. Adazira nyumba ya Stefano ndi manja ake, Eveline akungomuyang'ana. Adatsuka pulawo ndi mchenga nkuipaka mafuta. Adapita ku Madisi kukafunsa mtengo wa ng'ombe yapagoli, kuti munthu akadzafika adzapeze ziwiri zili m'khola. Mwezi wa Juni kudabwera paundi imodzi, kutsala ziwiri. Susana adauza abambo mfumu kuti ayambe kulengeza ukwati.

Mwezi wa Julaye sikudabwere kanthu. Wa Ogasiti uli pakati, masana dzuwa likuswa mtengo, kudafika munthu wa mudzi wa kuseri kwa phiri, amene ankagwira ntchito pafamu yomweyo. Lidia adamuona ali patali, ndipo asadamve mawu adaona zimene adasenza: sutikesi yamalata, pamwamba pake bulangete lopinda. Adakhala pansi pabwalo pomwepo.

Munthuyo adafotokoza mwaulemu, monga amachitira otumidwa. Stefano, pofuna kufulumira, adatenga ntchito yachiwiri yaulonda, masana kumunda, usiku panja m'chisanu cha kumeneko. Chibayo chidamugwira ndipo chidamutenga m'masiku asanu. Tsiku lachitatu, ataona kuti sadzuka, adatuma anzake kukagulitsa jekete ndi nsapato zake.

"Adati ndikupatseni m'manja mwanu," adatero munthuyo, akutulutsa mapaundi awiri. "Adati ndikuuzeni kuti zatha, sipadatsale ngakhale kobiri, ndipo aphunzitsi akalengeze pansi pa mtengo pomwe paja."

Maliro adalira opanda mtembo, kachiwiri pabwalo lomwelo. Aphunzitsi adalengeza Lamulungu monga adapemphera malemu, ndipo sipadapezeke woseka.

Atameta, Lidia adafukula chitini. Adapatula zonse zimene zidachokera m'manja mwa Stefano, makumi awiri aja ndi ana ake khumi ndi asanu, adazimanga pansalu nkupita kwa Eveline. Adamupeza akulongedza miphika, poti mkazi wachitengwa mwamuna akafa amabwerera kwawo ndi ana. Lidia adagwada pakhomo, adaika kansaluko pansi nkukakankhira kutsogolo.

"Alamu, izi ndi za ana. Ndapota nanu, landirani."

Eveline adayang'ana kansaluko osakakhudza. Sadakalipe, ndipo zikadakhala bwino akadakalipa.

"Alamu, amuna anga adagulitsa nsapato kuti afe opanda ngongole. Adawaika m'manda opanda jekete. Ndiye inu mukufuna ine ndiitenge ngongoleyo ndiwasenzetsenso? Nyamulani. Ndi zanu. Zabwera zonse, ndi ana omwe."

Lidia adanyamula. Adadutsa pabalani pamene padatsamira pulawo yonyezimira mafuta, adawoloka dambo, nkukakhala pakhonde pake kansalu kali pamiyendo. Ukwati wa Susana udachitika mwezi wotsatira. Pamphasa ya mwini mbumba padakhala msuweni wina wakutali amene adachita kufunsa dzina la mkwatibwi.

A Rajabu adamva mochedwa, ndipo adabwera kudzapepesa ukwati utapita kale. Adatsamiritsa kanjinga kawo, adavula nsapato, adakhala kumapeto kwa khonde. M'nyumba, chitseko chili chotsegula, munkaoneka masutikesi awiri amalata osanjikizana, ndi mabulangete awiri amtundu umodzi. Pomaliza, posowa china chochita, adatulutsa masheleni a ulendo umenewo nkuyamba kuwayala pamphasa.

Lidia adawagwira dzanja kuti aleke.

"A Rajabu," adatero, "tsiku lija mudabwera kudzapempha khumi, bwanji simudapemphe onse makumi anayi? Mukadakamiza onse mumtsinje muja. Ndikadakutukwanani chaka chathunthu, mlongo wanga ali apa akundiletsa."

A Rajabu adaweramitsa mutu. Masheleni adatsala pamphasa osagawa, ndipo awiriwo adakhala chomwecho akuyang'ana kutsidya kwa dambo, kumene munda wa Stefano udali utamera kale tsekera.